Thumba la Machesinati Okunkha

Linali Lachisanu la sabata yachitatu ya Okutobala, cha m'ma folo koloko madzulo, pamene ndinawerama kunja kwa ukonde n'kutola chesinati woyamba wa m'udzu. Ndinamupukuta pa thalauza. Anali wonyezimira, wopanda banga lililonse. Ndinamuponya m'thumba la jekete, ndipo zonse zimene ndifotokoze zinayambira pamenepo.

Ku England ndinapita motsatira mkazi wanga. Iye ndi namwino, ndipo anatsogola pa nthawi imene zipatala za kumeneko zinkatenga anamwino a kwathu. Ine ndinatsala ku Mchinji chaka chathunthu ndikugwira ukalaliki pa depoti yogula mtedza, kenaka ndinamulondola. Pondiperekeza ku bwalo la ndege, mlongo wanga anati ndi satifiketi yanga ya Fomu 4 ndikakhala mu ofesi yofunda. Ofesiyo sindinaione. Ndinatsuka mbale, ndinanyamula makatoni, ndinakolopa m'nyumba zosungira okalamba. Tinkakhala ku Erdington, mu mzinda wa Birmingham, m'kanyumba kogundana khoma ndi tinzake, ndipo mwana wathu Tadala anabadwira komweko. Pa nthawi ya nkhaniyi anali ndi zaka zisanu, atangoyamba sukulu.

Ntchito ya machesinati ndinaipeza ku ejensi yopezera anthu maganyu, imene inkatitumiza uku ndi uku. Anati ndi ya panja, ya masabata atatu okha. Vani inkanditenga kusanache, n'kukaima ku Nuneaton kutenga ena, kenaka tinkalowa timisewu ta kumidzi mpaka pamunda wa mzungu wina wachikulire, Derek, amene ankakana kuti tizimutchula bwana. Mwa okwerera ku Nuneaton munali a Zulu, bambo a ku Chipata, amene ankakhala okha ku Foleshill m'chipinda cha pamwamba pa sitolo. Tsiku loyamba anandimva ndikudandaula ndekha za kuzizira, n'kutembenuka.

"Ah, ndimwe a kwathu? Senderani kuno mulamu, tizifunditsana."

Kuyambira pamenepo tinkagwira mzere umodzi ndi kumwera tiyi m'fulasiki imodzi. Zala zanga zikauma ndi chisanu ankandibwereka magolovesi awo, ine ndinkawatengera mandasi amene mkazi wanga ankakazinga Lamulungu.

Kwa amene sanamuonepo, chesinati ndi mtedza wa mumtengo, mtengo waukulu ndithu. Amakhala m'chikhokho chaminga chonga kanungu kodzipinda. Chikhokhocho chikakhwima chimang'ambika n'kugwetsa njere ziwiri kapena zitatu zofiirira, zazikulu ngati chala chachikulu cha kuphazi. Azungu amawaotcha m'misewu nthawi yozizira, ndipo amakoma ngati mbatata yootcha pamakala.

Pansi pa mitengo yake Derek ankayala maukonde obiriwira, okwezedwa ndi zikhomo kuti asakhudze dothi. M'mawa uliwonse tinkasonkhanitsa zimene zagwera mu ukonde, kuchotsa minga, ndi kunyamula m'makireti kupita kushedi. Kumeneko tinkakhuthulira zonse mu thanki ya madzi ozizira. Oyandama tinkawaeula n'kutaya. Omira ankalowa m'chipinda chozizira tsiku lomwelo, osagona panja.

Tsiku lachiwiri ndinamufunsa chifukwa chake sitingotenga ndodo zazitali n'kukwapula nthambi monga timachitira ndi mango, kuti ntchito ithe msanga. Anaseka, n'kutiitana tonse. Ndinena m'Chichewa zimene ananena.

"Ukagwetsa ndi ndodo ugwetsa osakhwima, ndipo okhwimawo uwavulaza khungu. Ndinagulapo makina oyamwa za pansi. Ankayamwa ndi dothi lomwe, n'kusiya timing'alu tosaoneka ndi maso. Pofika Khirisimasi ambiri anali ataola."

Kenaka anatuluka mu ukonde, anatola awiri a m'udzu, n'kuwadula ndi kampeni. Mwa woyamba munali mphutsi yoyera, yonenepa, itagona mu ufa wakuda. Wachiwiri analibe mphutsi, koma mkati munali mofiirira ngati fodya, pamene kunja ankawala ngati nsapato yopolisha.

"Kagulugufe kamaikira mazira chipatso chikadali chaching'ono mumtengo," anatero. "Amene ali ndi mphutsi ndi amene amayamba kugwa, maukonde tisanayale. Akagona m'udzu wonyowa masiku awiri kapena atatu, nkhungu imalowa pa kabowo ka mphutsi kapena kunsonga. Kunja simungaone kanthu. Za m'udzu ndi za agologolo ndi nkhumba za mnansi wanga. Musaziphatikize ndi za mu ukonde."

Ndinamva, koma ndinamva ndi makutu a kalaliki wa pa depoti. Nkhungu imene ankanenayo kwathu timati chuku, ndipo ndinkadziona ngati katswiri wake. Pa sikelo ndinkabweza mtedza wachuku tsiku ndi tsiku, alimi n'kubwerera nawo kunyumba kwawo. Ndinaganiza kuti Derek akunena za giredi ya pamsika, kuti za m'udzu siziyenera kugulitsidwa. Sindinamve kuti siziyenera kudyedwa.

Ndipo za m'udzuzo zinali zambiri. Mphepo ikaomba zinkagwera kutali ndi maukonde, m'mphepete mwa mpanda zinali mbwee, tinkangozipondaponda popita kushedi. A Zulu ankapukusa mutu.

"Mulamu, onani chabe vakudya vamene vitaika apa. Amai anga ku Chipata angalile. Bazungu aba adyetsa agologolo, ise tidya buledi youma."

Kwathu munda wa mtedza ukakololedwa, zotsalira m'nthaka sizikhalanso za mwini munda. Aliyense amalowa ndi kakhasu kukakunkha, ndipo palibe amene amati waba. Ine ndinakulira kukunkha. Kudutsa chakudya chili pansi osawerama, thupi langa linkakana lokha. Ndiye Lachisanu lija ndinawerama. Lolemba ndinadzaza matumba onse a jekete. Masiku otsatira ndinkadzaza chikwama chotengera nkhomaliro. Tsiku lotsekera ntchito, Derek atapita ku tauni ndi makireti omaliza, a Zulu anandithandiza kudzaza thumba lakuda lapulasitiki, lija amatayiramo zinyalala, ndi onse a m'mphepete mwa mpanda. Iwo sanatengeko. Anati kuchipinda kwawo kulibe uvuni.

Kulakwa kwachiwiri kunali kwa ine ndekha. Mtedza ukafuna usachite chuku umauyanika uume gwa. Zimenezi ndinkaphunzitsa alimi. Ndinkaona Derek akuika machesinati m'chipinda chozizira, koma ndinkati n'chifukwa choti dziko lawo lilibe dzuwa. M'nyumba mwathu malo ofunda usana ndi usiku anali amodzi: kabati ya boyila yotenthetsera madzi, ya pamwamba pa masitepe, mmene mkazi wanga ankasungamo matawulo ndi nsalu zogonera. Ndinaika thumbalo pansi pake penipeni, kukamwa kuli kotsegula, ndikuti aziuma pang'onopang'ono.

"Izi n'ziti?" anandifunsa mai a Tadala atabwera ku shifiti.

"Machesinati. Bwana watipatsa ife a mabanja."

"Kani azungu ena ali ndi mtima," anatero, akuvula nsapato. Anali wotopa kwambiri moti sanasuzumiremo.

Masabata amene anatsatira ejensi inalibe ntchito, ndiye ine ndinali wokatenga mwana kusukulu. Tikafika kunyumba ndinkatapa machesinati a pamwamba pa thumba, kuwacheka pamsana ndi mpeni, n'kuwaika mu uvuni. Tadala ankakhala pampando wa kukhitchini miyendo ikulendewera, akudikira. Mwana ameneyu ankakana pafupifupi chilichonse chimene ndinkaphika. Ndikamulankhula Chichewa ankayankha Chingerezi, ndipo nthawi zina ndinkaona ngati ndikulera mwana wa eni. Koma machesinati ankawakonda. "More, Daddy," ankatero, kadzanja katatambasulidwa. Ndinali ndi chinthu chochokera m'manja mwanga chimene mwana wanga ankachifuna, ndipo ndinkanyada nacho.

Posenda, ena ndinkawapeza akuda ndipo ndinkataya. Ena anali ndi kabanga mbali imodzi yokha. Amenewo ndinkasema pabangapo n'kumupatsa kotsalako, monga timachitira ndi mbatata yobooledwa ndi anankafumbwe. Akaotchedwa onse amafiirira, ndiye zambiri sindinkaziona n'komwe. Tsiku lina analavula, nati akuwawa. Ndinapaka majarini ndi kamchere, iye n'kudya.

Lachiwiri lina la mu Novembala anadandaula m'mimba, osadya chamadzulo. Mai ake anamugwira pamphumi n'kunena kuti mwina ndi kamatenda ka kusukulu. Lachitatu masana, mai ake ali ku ntchito, foni inalira: aphunzitsi anati ndikamutenge, wasanza kawiri. Ndinamubereka kumsana njira yonse, anthu akundiyang'ana. Titangolowa m'nyumba anasanzanso pa masitepe, kenaka anatsegula m'mimba, n'kungoti lefu pa sofa, milomo itauma.

Ndinathamangira kukabati kukatenga tawulo. Nditalikoka, zinthu zoyera zinagwera pa mapazi anga. Zinali mphutsi. Zinali pa matawulo, pa nsalu zogonera, zina zikukwawa pa chitseko. Ndinakokera thumba panja n'kulowetsa mkono mpaka m'chigongono. Pamwamba panali pouma, monga ndinkaonera masiku onse. Pansi panali potentha ndi ponyowa. Dzanja linatuluka litamatirira ubweya wotuwa, wina wobiriwira, ndipo fungo linali lija ndinkalidziwa bwino, la thumba limene tinkabweza pa sikelo. Ndinatenga asanu a pamwamba, ooneka bwino aja ndikanaotcha madzulo omwewo, n'kuwadula osaotcha. Anayi anali ofiirira mkati.

Ndinakhala pansi pa masitepe. M'mutu mwanga munabwera bambo anga.

Bambo anga anali mlimi wa mtedza moyo wawo wonse. Wabwino ankagulitsa, wonyala ndi wakuda ndi umene tinkasinja kunyumba. Anamwalira mimba itatupa ngati ng'oma, maso ali chikasu. Dokotala wa pa chipatala chaching'ono anatiuza kuti ndi chiwindi, ndipo anatifunsa ngati kwathu tinkadya mtedza wachuku. Anati poizoni wake samva moto, ngakhale ukazinge chotani. Ine ndinali nditamva zimenezo ndi makutu angawa. Ndinali nditaoloka nyanja n'kukachita zomwezo: zabwino kunyamulira Derek kumsika, zokanidwa kudyetsa mwana wanga, tsiku ndi tsiku kwa masabata atatu.

Ndinamunyamula Tadala kupita naye pawindo, ndinamutsegula chikope ndi chala. Kuwala kwa Novembala n'kofooka. Ndinkaona ngati diso ndi loyera, kenaka ngati lachikasu, kenaka loyeranso. Iye anangoti, "Daddy, stop," ndi mawu ang'onoang'ono.

Mkazi wanga akakhala mu wodi foni sankayankha. Ndinaimbira a Zulu.

"Mulamu, mverani," anatero nditawafotokozera. "Mwana mupeleke ku chipatala manje manje. Koma va machesinati musakambe. Mwamvera? Musakambe."

"Nanga adokotala adziwa bwanji chomupatsa?"

"Adzaziwa, ni nchito yao. Imwe simuziba ziko ino? Mukangokamba ati n'namudyesa vowola vamene n'nadoba pansi, aitana masosho. Ku chechi kwathu kuli banja ina, anabatengela bana babili pa nkhani ing'ono kupambana iyi. Mpaka lelo abaona chabe pa Saturday, mu ofesi, muzungu ali pambali alemba. Na ba nesi banu nchito ingasile. Thumba iyo tayani manje."

Masosho ndi anthu a boma oona za ana. Panalibe Mmalawi kapena Mzambia ku Birmingham amene sankawaopa. Nkhani zawo tinkazimva ku tchalitchi ndi pa maliro, nthawi zonse za banja limene wokambayo sankalitchula dzina. Zoona zake sindinkazidziwa, koma ndinkaziopa kuposa apolisi.

Ndinaitana takisi. Podikira ndinasesa mphutsi zonse, ndinamanga thumba pakamwa, n'kutuluka nalo. Mu msewu wathu zinyalala ankatenga Lachinayi m'mawa, ndipo anthu ankayamba kuunjika matumba awo akuda Lachitatu madzulo. Sindinaliike pakhomo pathu. Ndinapita nalo pa mulu wa pakona, pafupi ndi pholo la magetsi, n'kulikankhira pakati pa anzake. Onse anali ofanana.

Kuchipatala, komwenso mkazi wanga ankagwira ntchito, anatilowetsa msanga ataona mmene mwana analili. Anamuika dilipi pa kadzanja kaja. Ndinatumiza uthenga ku wodi, ndipo mai a Tadala anatsika ali m'yunifolomu. Dokotala anali mayi wachitsikana wa makolo a ku India, wolankhula mofatsa. Anafunsa za sukulu, za malungo, ngati tinapita kunja kwa dziko. Kenaka anandiyang'ana ine.

"Wadyapo chilichonse chachilendo masiku amenewa?"

"Ayi," ndinatero.

Analemba, anati abweranso, n'kutuluka. Mkazi wanga anakonza bulangete la mwana, kenaka anandiyang'ana manja.

"Bambo a Tadala, mukunjenjemera."

"Kuzizira."

"Muno mukutentha. Tiyeni panja."

Mukhonde, pafupi ndi makina ogulitsa zakumwa, ndinamuuza zonse: udzu, mpeni wa Derek, kabati, mphutsi, anayi mwa asanu aja.

"Munati anakupatsani."

"Ndinakunkha."

"Kukunkha! Kuno mwakuyesa ku Mchinji?" Anatsitsa mawu chifukwa anzake a ntchito ankadutsa. "Wadya masiku angati?"

"Chitsekereni ntchito."

"Tsiku lililonse?"

Ndinagwedeza mutu.

"Ndiye adokotala mwawauza kuti ayi."

"A Zulu akuti tikanena, masosho atilanda mwana."

"A Zulu ali ndi mwana kuno?" Anatseka maso n'kupuma. Atayambiranso kulankhula, mawu ake sanali aukali, ndipo zimenezo zinandiopsa kwambiri. "Sindikunamizani kuti sizingachitike. Mafomu amenewo ndimawadziwa, ndalembapo ndekha za ana a eni. Inenso andifunsa kuti ndine namwino wanji, thumba likuola pansi pa matawulo anga osadziwa. Koma adokotala aja akufufuza zimene sakuzidziwa. Chiwindi sakuchiganizira n'komwe. Mwana akatilanda, tizikamuona Loweruka. Chiwindi chikaonongeka, tizikamuona kuti?"

Kenaka anandilozera kumene dokotala analowera.

"Pitani mukanene nokha. Ine ndikanena, ndinena ngati wa ntchito pano. Inu mukanene ngati bambo ake."

Khonde limenelo silinali lalitali, koma ndikukumbukira chitseko chilichonse. Dokotala ndinamupeza pa desiki akulemba. Ndinaima mpaka anakweza mutu. Chingerezi changa, chimene ndinkachinyadira ku depoti, chinandithawa. Ndinayamba ndi kunena kuti ndinanama. Kenaka ndinafotokoza monga Derek anatifotokozera, za ukonde ndi za udzu, ndipo ndinamuuzanso za bambo anga.

Sanakalipe. Anangotembenuza pepala n'kuyamba kulemba, ndipo cholembera chija chinkandilasa kuposa kukalipa. Anafunsa kuti angati patsiku, kwa masiku angati, anali a mtundu wanji mkati. Anaitana namwino n'kumuuza kuti atengenso magazi, apime chiwindi, ndipo mwana agonekedwe.

"Alipo otsala?" anandifunsa.

"Alipo."

"Mubwere nawo mawa m'mawa, onse, mmene alilimo. Tikufuna tione chimene wadya. Ndipo mawa lomwelo pali mayi wina woona za ana amene adzafuna kulankhula nanu. Ndi lamulo, ndiyenera kumudziwitsa."

Zimene a Zulu ananena zinali zitayamba. Ndinabwerera kwa mwana. Anali atagona, kadzanja ka dilipi kali pa chifuwa. Mkazi wanga anafunsa ndi maso okha, ine ndinagwedeza mutu. Anati iye atsala, ine ndipite ndikachape matawulo onse ndi madzi otentha. Zoti thumba lili pa mulu wa pakona sindinamuuze.

Ndinene pano mmene zinathera, pakuti sindikulemba kuti wina avutike mtima. Tadala anatuluka patatha masiku atatu. Chiwindi anachipeza chili bwino, ndipo atapimanso miyezi yotsatira chinali bwinobe. Madokotala sananene motsimikiza ngati anali machesinati kapena matenda amene ankayenda kusukulu. Mayi woona za ana analankhula nane nthawi yaitali, anabwera kunyumba kawiri, anatsegula kabati ya boyila ndi firiji, anafunsa Tadala mafunso ine ndili panja. Mwana sanatilande. A Zulu atamva anati tinachita mwayi chabe, ndipo ubwenzi wathu sunathe, ngakhale nkhani imeneyi sitinaikambenso. Kumunda kwa Derek sindinabwerereko.

Patapita zaka ndinabwerera kuno kumudzi. Tadala anatsala, ndi wamkulu tsopano, amagwira ntchito komweko. Sabata yoyamba ndinapeza mlongo wanga pakhonde akusankha mtedza, wabwino m'thumba la kumsika, wakuda m'lichero la nsinjiro, zidzukulu zake zikutolamo n'kumadya. Ndinanyamula licherolo n'kukakhuthulira kudzala. Sanandilankhule masiku awiri. Anauza anthu kuti ku England kunandiononga mutu, ndayamba kutaya chakudya ngati mzungu. Ndinamusiya anene.

Koma m'mawa wa Lachinayi lija zonsezi sindinkazidziwa. Chimene ndinkadziwa n'chakuti galimoto ya zinyalala imafika mu msewu wathu cha m'ma seveni koloko. Ndinali maso kale, nditavala, nditakhala pa sofa pamene mwana anagona dzulo lake. Ndinkadziuza kuti ndikangokhala pomwepo mphindi makumi awiri, thumba lipita lokha. Ndikanakauza dokotala kuti a zinyalala anatenga, ndipo zikanakhala zoona. Mayi woona za ana akanamva mawu okha, osaona ubweya wobiriwira uja, osamva fungo lake. Koma dokotala anati akufuna aone chimene mwana wadya.

Nditamva galimoto ikulira kumunsi kwa msewu ndinatuluka, chitseko osatseka. Mulu wa pakona unali utakula usiku, matumba onse atachita chisanu pamwamba. Ndinagwada n'kuyamba kuwapapasa limodzi limodzi. Lina linali la mabotolo, lina la matewera, lina linang'ambika n'kundithira tiyi wozizira m'manja. Mayi wa nyumba ya pakona anatsegula katani n'kumandiyang'ana. Galimoto inaima pambali panga, ndipo mmodzi wa anyamula zinyalala, mzungu wamkulu thupi, anatsika akuseka.

"Wataya chiyani, mnzanga? Mphete ya ukwati?"

"Za mwana wanga," ndinatero. "Ali m'chipatala."

Anasiya kuseka. Anauza mnzake kuti adikire, n'kuyamba kunyamula matumba limodzi limodzi, kuligwedeza pafupi ndi ine asanaliponye m'galimoto. Lachisanu ndi chiwiri linali lolemera, ndipo linalira ngati miyala ya mumtsinje.

"Ndi limeneli," ndinatero.

Ndinabwerera kukatseka chitseko, ndinasamba m'manja, n'kukakwera basi yopita kuchipatala. Munali modzaza anthu opita ku ntchito. Ndinakhala kumbuyo, thumba lili pamiyendo, ndipo mayi amene anali pafupi nane anasuntha chifukwa cha fungo. Tili m'njira mphutsi imodzi inatulukira pa mfundo n'kukwawira pa dzanja langa. Ndinaitola, ndinamasula mfundo, ndinaibwezera mkati, n'kumanganso. Dokotala anali atanena kuti onse, mmene alilimo.